Chopondera cha Kumanzere

Ine ndine wamfupi, ndipo nkhani yonseyi ikuchokera pamenepo. Ku sukulu ndinkaima kutsogolo kwa mzere, ku kwaya chimodzimodzi, ndipo tsiku la ukwati wathu wojambula zithunzi anandipempha kuti ndikwere pa njerwa. Sizinkandidetsa nkhawa mpaka pamene ananditumiza kuno ku Thyolo kudzagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto, n'kundipatsa njinga yamoto.

Inali njinga yaitali, ya matayala a manomano, zija amapangira misewu yoipa. Anaiimika panja pa ofesi, abwana athu n'kundipatsa makiyi. Nditakwera, miyendo inangoti lende mbali zonse ziwiri, zala zikufunafuna nthaka osaipeza. Anzanga aamuna amene anali pakhonde sanaseke mokweza, koma mapewa awo ndinawaona akugwedezeka.

Abwanawo anali munthu wabwino, ndipo zimene ananena ananena pofuna kundipeputsira mtolo.

"Amayi, musadzivutitse. Njingayi tipereke kwa anzanuwa, inu muzikhala pano. Alimi akabwera kudzafunsa mankhwala muziwathandiza."

"Nanga ng'ombe zodwalazo zizibwera pano pa ofesi?" ndinafunsa.

"Kumakolako azipita anzanu."

Ndinawapempha kuti andilole ndiyesere kaye, komanso kuti andilole ndiitsitseko pang'ono njingayo. Anavomera, koma anati chilichonse chimene ndisinthe chikhale choti n'kubwezeretsa.

Alimi a dera langa amaweta ng'ombe za mkaka, imodzi kapena ziwiri, m'khola la kuseri kwa nyumba pakati pa nthochi. Midzi yawo yambiri ili kutsidya kwa minda ya tiyi, kumene minibasi sizifika. Kuti ukaone ng'ombe yotupa bere uyenera kudutsa m'misewu ya esiteti, kukwera ndi kutsika zitunda. Mlangizi wopanda njinga kumeneko ndi mlangizi wa dzina chabe.

Amuna anga ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, munthu wofatsa amene ngakhale njinga yakapalasa amatsika akafika pamtsetse. Za njinga yamoto analibe nazo mawu. Koma ali ndi achimwene awo ku Bvumbwe amene amakonza njinga zamoto ndi kuwotcherera zitsulo, ndipo ndi kwa alamu angawo kumene tinaipititsa.

Alamu anaizungulira njingayo, kenaka anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Alamu, pa awirinu mmodzi ayenera kusintha msinkhu. Inu kukula munasiya kale, ndiye tiyambe ndi iyi."

Anasenda siponji ya mpando n'kuupyapyalitsa. Anatsitsa mashoki a kumbuyo, natsitsanso kutsogolo kuti zifanane. Zopondera zake zinali zotha, makamaka cha kumanzere chimene chinkagwedera ngati dzino lofuna kuguluka. Zopondera za njinga zotere zimakhala ndi kasipuling'i koti zikagunda chinthu zizipindikira m'mwamba, koma kameneko kanali katathyoka kale. Alamu anati asataye nthawi, anangochiwotcherera kuti chiime nji. Nditakweranso, zala za mapazi onse awiri zinakhudza pansi. Ndinasangalala ngati ndakhoza mayeso.

"Koma mudziwe chinthu chimodzi," anatero akupukuta manja. "Chimene tatsitsa si mpando wokha. Mimba yonse ya njingayi yayandikira pansi. Pokhota muzisamala."

Ndinavomera ndi mutu, maganizo ali pa zala zanga zija zogunda nthaka.

Ndinaphunzirira pa bwalo la mpira la sukulu ya amuna anga. Ife timapemphera Loweruka, ndiye Lamlungu m'mawa, anthu ena ali ku matchalitchi awo, bwalo linkakhala langa ndekha. Ndinagwa kangapo pa udzu, ndinazimitsa injini kosawerengeka, koma pang'onopang'ono dzanja linazolowera kilatchi, phazi linazolowera magiya. Nditatenga chiphaso ndinayamba kuyendera alimi, bokosi la mankhwala ndi zida nditamangirira kumbuyo ndi malamba a mphira.

Panjira yopita ku midzi ya kwa Nchilamwela pali kona ina imene inandisautsa. Msewu wake ndi wa dothi lofiira. Umatsetsereka pakati pa tiyi, kenaka umakhotera kumanzere mwadzidzidzi kuzungulira chitunda, ndipo ukangomaliza kukhota uli pa kamlatho kopapatiza kopanda zotchinga m'mbali. Mathirakitala onyamula masamba anakumba mikwasa iwiri yakuya, moti tayala likalowa mumkwasa wa mkati, dothi la m'mbali limakhala lokwera kuposa pamene tayala laponda. M'dothi limenelo muli miyala yosuzumira.

Tsiku loyamba kudutsapo ndinatsika bwinobwino, n'kupendeketsa njinga monga ndinkachitira pa bwalo la mpira. Mwadzidzidzi pansi pa phazi langa lamanzere panamveka khwee, chitsulo chikukhula mwala, ndipo kunjenjemera kwake kunakwera mwendo wonse mpaka m'chiuno. Mantha anandigwira, ndinaiwongola njinga. Njinga yowongoka pakona imapita kumene yaloza, ndipo yanga inaloza m'munda wa tiyi.

Tiyi akamaoneka patali amakhala ngati bulangeti lobiriwira loti munthu n'kugonapo. Ukagweramo ndi pamene umadziwa kuti pansi pa masambawo pali nthambi zolimba ngati mafoloko. Ndinakodwa m'menemo, njinga itatsamira pa tchire, tayala lakumbuyo likuzungulirabe. Amayi amene ankathyola tiyi chapafupi anatula madengu awo n'kuthamangira. Amene anazimitsa injini ndi bambo wina wovala pulasitiki yobiriwira m'chiuno. Atavula chipewa changa cha panjinga n'kuona kuti ndine mzimayi, amayiwo anayamba kuyankhulana m'Chilomwe mofulumira, ena akuseka, ena akundisasa masamba m'khosi.

"Pepani, amayi. Mwavulala?" anafunsa wamkulu pa onsewo.

"Ayi, ndangokalika."

"Ife timathyola ndi manja, inu mwati muyese ndi njinga."

Ndinaseka nawo. Akapitawo a pa esiteti anabwera, nayang'ana tchire lothyokalo, nayang'ananso ine, n'kungoti ndiziyenda bwino.

Kuyambira tsiku limenelo ndikafika pamwamba pa mtsetse uja ndinkatsika n'kumaikankha njinga mpaka kuwoloka kamlatho. Njinga yamoto yolemedwa ndi bokosi si yokankha pamtsetse munthu wa msinkhu wanga. Ndinkafika kutsidya thukuta lili kamukamu, manja atachita dzanzi chifukwa chofinya buleki. Othyola tiyi aja anandizolowera. Ankandipatsa moni, ena n'kumati, "Adokotala, lero yakana kukunyamulani?" Anyamata a kabaza ankandidutsa atanyamula anthu awiriawiri, akukhota pakonapo ngati palibe kanthu. Makona ena onse ndinkakhota, ngakhale kuti mwa apo ndi apo chopondera chinkakhula. Iyi yokha ndinkaiopa.

M'mawa wina, nyengo ya chiperoni, foni inalira ndikumwa tiyi. Anali amayi ena amasiye a kwa Nchilamwela, amene anali ndi ng'ombe imodzi yokha, ya bere, ndipo bere limeneli linali loyamba. Anati ng'ombeyo yayamba kuvutika pobereka kusanache, koma chimene chatuluka ndi mwendo umodzi basi, ndipo tsopano yagona pansi, yasiya kukankha.

Ndinawauza kuti asakoke chilichonse, atereke madzi, apezenso abambo awiri amphamvu. Ndinavala jombo n'kunyamuka. Nkhungu inali itaphimba zitunda, kamvula kowaza kakunyowetsa galasi la chipewa. Nditafika pamwamba pa mtsetse uja ndinaganiza za ng'ombe yogona pansi, ndinaganizanso za nthawi imene ndimataya pokankha, ndipo sindinatsike.

Ndinalowa pakona ndi liwiro loposa limene ndinkafuna. Nditazindikira ndinafinya buleki ndili kale mkati mwa kona, tayala litalowa mumkwasa. Ulendo uno sipanamveke kukhula. Panamveka kugunda kumodzi kouma, njinga inatukuka kumbuyo, ndipo ndinapezeka ndili chagada m'matope, mwendo wamanzere uli pansi pa injini. Kunalibe othyola tiyi tsiku limenelo, anali kumunda wina. Ndinakankha mpando ndi phazi lamanja mpaka mwendo unasololoka.

Chopondera chinali chitathyokera pamene anawotcherera paja, chili poteropo m'matope. Kakolo kankayaka moto mkati mwa jombo. Ndinadziwa kuti ndikavula jomboyo siilowanso, ndiye ndinaisiya. Kudzutsa njinga kunanditengera mphamvu zonse. Ndinaitembenukira msana, n'kugwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, chitsulo cha kumbuyo ndi linalo, n'kumakankha ndi mwendo wabwinowo mpaka inaima. Inalira nditaiyesa kangapo.

Vuto linali lakuti magiya ali kumanzere komweko. Popanda chopondera phazi lilibe potsamira kuti likweze giya, ndipo kakolo kanga sikakanatha n'komwe. Kupondereza pansi kokha ndiko ndinakwanitsa. Ndinalowetsa giya yoyamba, ndipo mtunda wonse wotsalawo ndinayenda pa giya imeneyo, injini ikukuwa ngati nkhumba yomangidwa, mwendo wamanzere uli lende m'mwamba. Minofu ya ntchafu itatopa ndinkautsamiritsa pa chivundikiro cha injini, kutentha kukapyola jombo n'kuuchotsanso.

Amayi amasiye aja anandimva ndili kutali. Ataona matope ndi kutsimphina kwanga anagwira pakamwa.

"Adokotala, mwagwa?"

"Tiyeni kukhola, zanga tikamba pambuyo."

Ng'ombe inali itagona cham'mbali, maso atatuluka. Ndinasamba manja mpaka m'mapewa, n'kugwada m'ndowe, chifukwa kuima sindikanatha. Nditalowetsa dzanja ndinapeza kuti mwendo wina wa kamwana wapindikira kumbuyo, mutu nawo wakhotera cham'mbali. Ndinagwira lilime la kamwanako, silinayankhe. Kanali katafa kale, mwina ndisananyamuke n'komwe kunyumba. Ndinawauza amayiwo pomwepo kuti tsopano tikulimbana ndi kupulumutsa make.

Inali ntchito yaitali. Ndinakankhira kamwanako mkati kuti ndipeze malo, n'kuwongola mutu, kenaka mwendo, ng'ombe ikundifinya dzanja mpaka zala kuuma. Titamanga zingwe, abambo awiri oyandikana nawo nyumba ankakoka ndikawauza, n'kusiya ndikawauza. Katatuluka, amayi aja anakayang'ana. Kanali kakakazi. Kenaka anatenga chidebe cha madzi ofunda n'kukaika pakamwa pa ng'ombe yawo, akuisisita pakhosi. Dzuwa litayamba kuboola nkhungu, ng'ombe inagwada, kenaka inadzuka n'kuima.

Jombo yanga anachita kuing'amba ndi mpeni. Kakolo kanali katatupa ngati papaya. Amayiwo anang'amba chitenje chakale n'kundimanga, ndipo mmodzi wa abambo aja anakaitana wa kabaza woti andiperekeze ku chipatala cha mishoni. Njinga inagona kumeneko, pakhonde pa amayiwo, itafundidwa thumba la feteleza.

Ku chipatala anati fupa silinathyoke, yabinya ndi mitsempha. Amuna anga anandipeza ndili pa benchi, phazi lili m'bandeji. Tinafika kunyumba n'kudya. Atatsuka okha mbale anadzakhala moyang'anana nane.

"Mayi, njinga ija mukabweze."

"Sindibweza, bambo."

"Lero ndi kakolo. Pakanakhala pa kamlatho paja bwenzi tikunena zina."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukulimbikira chiyani? Ntchito ya pa ofesi anakupatsani, simunakanidwe."

Ndinawafotokozera za ng'ombe ija, kuti ikanangotsala ndi abambo awiri ndi chingwe akanaikoka mpaka kuing'amba, amayi aja n'kutsala ndi khola lopanda kanthu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ng'ombe ili ndi mwini wake," anatero motsitsa mawu. "Inunso muli ndi eni ake."

Sankanama. Koma mumtima mwanga nkhani yobweza munalibe.

Pamene ndinkachira ndinagwira ntchito ija abwana ankandifunira poyamba. Ndinkakhala pa tebulo, phazi lili pa katoni, alimi n'kumabwera kudzandifotokozera matenda pakamwa. Wina amati ng'ombe yangoti zii. Ukafunsa ngati ikubzikula, akuti sanayang'ane. Ukafunsa za ndowe, akuti ndi ndowe basi. Ndinkapereka malangizo ndikudziwa kuti ndikungoponya mwala mumdima, ndipo anzanga aamuna aja, ngakhale ankayesetsa, anali ndi madera awo oti ayendere. Masabata amenewo anandilimbitsa mtima kuposa china chilichonse.

Alamu anakaitenga okha njinga kwa amayi aja. Nditayamba kuponda bwino ndinapita ku Bvumbwe, ndipo ndinawapeza atagula kale zopondera zina ku Limbe, zogwiritsidwapo ntchito koma zokhala ndi kasipuling'i kake.

"Kuwotcherera kuja ndinalakwitsa, alamu," anatero. "Chikanakhala chopindika bwenzi chitangothawa mwalawo. Koma izi zokha sizithetsa nkhani. Njingayi ndi yotsika kwambiri. Ndikaibwezera m'mwamba, kukhula kutha, koma mapazi anu abwerera m'malere."

"Ikwezeni theka," ndinatero.

"Theka ndiye kuti phazi limodzi lokha, nalonso zala zokha."

"Limodzilo likwana."

Ndinabwerera ku bwalo la mpira kukaphunzira kuima mwatsopano. Njinga ikamaima ndinkasendeza thako kumbali, phazi limodzi n'kutera lonse pansi, mwendo winawo utakoleka pampando. Poyamba ndinkasendera mbali yolakwika n'kugwa nayo. Kenaka thupi linagwira lokha. Ndinaphunziranso kuyang'aniratu poimapo, kuti phazi litere pokwera osati m'dzenje. Bokosi la mankhwala ndinalichepetsa, zinthu zolemera n'kuziika m'chikwama cha kumsana.

Yotsala inali kona ija. Ndinaganiza zoti ndizipitako Lamlungu m'mawa, pamene mathirakitala sayenda, ndikaibwereze mpaka itandizolowera. Ulendo woyamba ndikumanga chipewa, ndinaona amuna anga akutulutsa njinga yawo yakapalasa.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Kumene mukupita inuko. Mukagwa akudzutseni ndani?"

Ndinawadikira pamwamba pa mtsetse. Anafika akupuma mwawefuwefu, natsika wapansi kukaona konayo. Anayenda mumkwasa, nagwada, nagwira miyala ija ndi dzanja. Atabwerera anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa choko, chimene mphunzitsi sasowa nacho. Anapaka kunsi kwa chopondera cha kumanzere mpaka kunayera.

"Mukadutsa tiziyang'ana. Chikafufutika ndiye kuti chakhudza, ngakhale inu musamve."

Iwo anakanjuta m'mphepete mwa tiyi, mkati mwa kona, pamene akanatha kuona mpata wa pakati pa chitsulo ndi nthaka. Ine ndinkatsika, kuwoloka kamlatho, kutembenuka, kukwera, kutembenukanso. Maulendo oyamba ndinkayenda pang'onopang'ono kwambiri moti njinga inkadzandira, phazi n'kutsika lokha kufuna pansi. Nditawonjezako liwiro, choko chinafufutika.

"Mukafika apa njinga ikumagwada kutsogolo," anatero amuna anga akuloza ndi kamtengo. "Mukumachita chiyani pamenepa?"

"Ndikumagwira buleki."

"Ikagwada ndi pamene chitsulochi chikutsika."

Iwo njinga yamoto sankaidziwa, koma maso anali nawo, ndipo ankanena zokhazo zimene aona. Zotsalazo ndinkazipeza ndekha m'thupi. Ndinayamba kumaliza za buleki ndisanalowe pakona, ndikadali powongoka, kenaka n'kulowa ndi moto pang'ono wosasinthasintha. Ndinamva njinga ikudzuka pansi panga m'malo mogwada. Ndinazindikiranso kuti mantha ankandiumitsa msana, ine n'kukhala chilili pamene njinga ndikuikankhira pansi. Nditayesa kupendekera ineyo mkati mwa kona, phewa ndi mutu kutsogolera, njinga siinafunenso kupendekeka kwambiri. Mkwasa wa mkati ndinausiya, n'kumayambira kunja, pamsana pa msewu. Chovuta kuposa zonse chinali maso. Ankathamangira pa mwala umene unandigwetsa uja, ndipo kumene maso apita njinga imapita komweko. Ndinachita kudzikakamiza kuyang'ana kutsidya kwa kamlatho, pa mtengo wa bulugamu umene uli pamenepo.

Sizinatheke tsiku limodzi. Lamlungu lina ndinkabwerako choko chili chonse, lotsatira n'kuchifufuta ulendo uliwonse, mpaka kukwiya n'kufuna kulira. Tsiku lina mvula itagwa ndinatereranso n'kugwa, koma mofewa, ndipo chopondera chinangopindika n'kubwerera. Amuna anga anathamanga, nandidzutsa, nayang'ana kakolo. Ndinkayembekeza kuti ayambiranso za kubweza zija. Anangotola choko chimene chinagwa m'matope, nachipukuta pa buluku.

"Mubwerezanso, kapena tizipita?"

"Kamodzi kokha."

Mkati mwa sabata ndinasiya kukankha. Othyola tiyi aja anazindikira msanga. Tsiku lina ndikudutsa, amayi aakulu aja anaimika dzanja lodzaza masamba m'mwamba, ine n'kuliza hutala. Kuyambira pamenepo ntchito inayenda. Ng'ombe ya amayi amasiye aja inatenganso bere, ndipo ulendo umenewo inabereka yokha, ine ndinangopita kukaona kamwana katayamba kale kuyamwa.

Chaka chotsatira kunagwa maliro kutsidya kwa esiteti, atamwalira bambo a mphunzitsi mnzawo wa amuna anga. Galimoto imene aphunzitsi anapangana inanyamuka amuna anga akadali kumsonkhano wa makolo, ndipo mwambo unali woyamba masana. Anafika kunyumba atanyamula jekete pamkono, naima pafupi ndi njinga, akuyang'ana mpando wakumbuyo pamene ndimamangirira bokosi.

"Mayi, bokosili limachoka?"

Ndinalimasula. Chiyambire anali asanakwerepo njinga imeneyi. Ndinabwereka chipewa kwa oyandikana nawo nyumba, ndinawatsitsira zopondera zakumbuyo, n'kuwauza kuti agwire m'chiuno mwanga, ndipo ndikapendekera kwina asalimbane nane. Atakhala, njinga inatsika moti mapazi anga onse awiri anagunda pansi. Ndinadziwa tanthauzo lake.

Tikudutsa pa msika anthu anatiyang'ana. Mwamuna wamtali wovala tayi, atakumbatira kamkazi kakafupi kamene kakuyendetsa. Wina anaimba mluzu. Amuna anga anangoti, "Yang'anani kutsogolo."

Pamwamba pa mtsetse ndinawafunsa ngati akufuna kutsika kuti tikakumane pa kamlatho. Anati ayi. Ndinachepetsa liwiro msanga kuposa masiku onse, ndinayambira kunja, maso pa bulugamu. Manja awo anandifinya mpaka nthiti kuwawa, ndipo ndinamva kuti asiya kupuma. Pakati pa kona chopondera chinakhudza pansi, kamodzi, mopepuka, n'kupindika pansi pa phazi langa. Dzanja langa silinasunthe pa moto. Tinazungulira, matabwa a kamlatho analira pansi pathu, tinayamba kukwera chitunda cha kutsidya.

"Chakhudza," anatero m'khutu mwanga.

"Ndamva."

"Ndalemera ndine."

"Ndinu, bambo."

Tinafika nyimbo zitayamba. Anatsika, nakonza tayi, n'kupita kukakhala kwa abambo anzawo pansi pa mtengo wa mapeyala. Ine ndinamanga chitenje pamwamba pa buluku n'kulowera kwa amayi. Ndisanakhale n'komwe pamphasa, agogo ena anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti mbuzi yawo yatsekula m'mimba kuyambira dzana, ndipo kwawo si kutali, mwambo ukatha ndikangoisuzumira.